Zimene Ubweya wa Tater Unabisa

"Ndiye batala wanga apite kuti?"

Marlys Havlik anafunsa ataima pafiriji, chitseko chili pululu. Pamalo pa batala panali timabotolo ting'onoting'ono topanda dzina, tondandalikidwa bwinobwino ngati ana a kwaya.

"Batala sawonongeka msanga," anatero mwamuna wake Duane, maso ali pambale ya mazira. "Ndipo musatigwedeze timeneto. N'ta Tater."

"N'ta Tater. Zikomo kwambiri. Makina oziziritsa mpweya munawazula kuchipinda kwathu n'kukawaika kukhola kuti Tater asachite thukuta. Ine ndikugona ngati mbatata ya mu uvuni. Lero bwanayo walowa m'firiji. Mawa ndimuyalire pabedi? Mungondiuza mbali imene amakonda kugona."

"Ubweya sumera kotentha, mayi a Corrie, zimenezo mukuzidziwa. Woweruza amafuna ng'ombe ya ubweya."

"Nanga m'timabotolomu muli ubweya?"

Tater anali mfule wakuda amene mwana wawo Corrie, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anamulera kuyambira ali thole. Chionetsero cha ziweto cha ana cha m'boma lawo, kuno ku Nebraska, chinali chitayandikira. Ankati ndi cha ana chifukwa amene amalowa m'bwalo atagwira chingwe ndi mwana. Amene sankagona nacho tulo anali abambo.

Duane anaika foloko pansi. Anayamba wathira khofi m'kapu ya mkazi wake, monga ankachitira m'mawa uliwonse ngakhale mkangano uli mkati, kenako anathira mwake.

"Tamverani. Awa si mahomoni ayi, ndi mapeputaidi. Rusty Kolb wandifotokozera zonse. Pansi pa ubongo wa ng'ombe pali kachiwalo kamene kamasunga homoni yokulitsa thupi. Mankhwalawa amangogogoda pakhomo, kachiwaloko n'kutsegula, homoni n'kutuluka. Homoni yake yomwe ya ng'ombeyo, imene Mulungu anaiika kale. Kodi kugogoda ndi tchimo?"

"Zimatengera amene akugogoda, ndi chimene wabisa kumbuyo. Rusty Kolb uti? Uja amayenda m'zionetsero ndi chipeso m'thumba lakumbuyo? Wakhala liti dokotala?"

"Ng'ombe zimene wazikonza iyeyo zimapambana."

"Malamulo a chionetsero amalola?"

"Malamulo sanatchule dzina la mankhwalawa."

"Ngakhale botololi silinatchule."

Chitseko chakumbuyo chinalira ndipo Corrie analowa, buluku lili ndi udzu m'mawondo. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana bambo ake, n'kuyang'ana firiji imene inali idakali chitsegukire.

"Wabwera bwino iwe," anatero Duane. "Ukamaliza kudya tipite kukhola. Ukagwire chingwe, uzimukanda pakhosi muja umachitira. Kwa iwe amaima phee. Ine ndikangoyandikira amafuna kugumula khoma."

"Tikamuchite chiyani, adadi?"

"Kajakisoni kakang'ono. Sakamva n'komwe."

"Akudwala?"

"Akudwala matenda a kuchepa. Wawaona a Brandt, opikisana nafe aja, ng'ombe yawo? Msana ngati thebulo la kutchalitchi. Chaka chino kansalu kapepo ka wopambana kaja kapachikidwa m'nyumba muno, iwe ukaone."

Corrie anayang'ananso mayi ake. Marlys anatsegula pakamwa, koma anangotseka firiji. Sanali munthu wokangana ndi mwamuna wake pamaso pa mwana. Mumtima anati, Ambuye, onani nokha. Kenako anaika batala m'mbale ya madzi ozizira pawindo.

Masiku anayamba kuyenda motero. M'mawa uliwonse Tater akadya n'kukhuta, Corrie ankagwira chingwe n'kumamukanda pansi pa chibwano, akumuyankhula motsitsa mawu, ndipo bambo ake ankazembera kumbali n'kulowetsa singano pakhosi, mkati mwa ubweya. Loweruka ankamukweza pasikelo. Sikelo ija, poti sinaphunzire kwa Rusty Kolb, inkangosuntha monga inkasunthira kale.

"Yafa sikeloyi," anatero Duane.

"Ibayeni nayonso," anatero Marlys.

Duane sanabaye sikelo. Anangowonjezera jakisoni wina wamasana.

Lamlungu lina mapemphero atatha, anthu akumwa khofi m'chipinda chapansi pa tchalitchi, Marlys anadzaza mbale ndi makolache ake, timabanzi ta zipatso pakati, n'kukaima pafupi ndi Dokotala Ostrander. Mayi ameneyu ndiye ankachiza ziweto za dera lonselo, ndipo manja ake sankatha fungo la ayodini ngakhale tsiku la Mgonero.

"Adokotala, pali mnzanga wina amene mwamuna wake akubaya ng'ombe mankhwala. Akuti amagogoda pakachiwalo ka pansi pa ubongo."

Dokotala analuma kolache n'kutafuna mosafulumira.

"Mnzanuyo ali ndi mfule wakuda amene amagona mozizira kuposa abusa?"

Marlys anayang'ana m'kapu yake.

"Musadandaule, mayi Havlik, anzanu otero ndawamva ambiri chaka chino. Kugogoda kwake n'koona. Ndili kusukulu tinkabaya matole mankhwala amtundu umenewo n'kumatenga magazi kuti tione. Homoni imakwera msangamsanga, ndipo posakhalitsa imatsikanso. Thole laling'ono limayankha kwambiri. Ng'ombe ikamakula, yankho limanka lichepa. Ikangodya kumene n'kukhuta, limachepanso. Ukamagogoda pafupipafupi, mwininyumba amatopa, amangosuzumira pawindo. Ndipo kukwera kwa homoni m'magazi kwa kanthawi si nyama pamsana ayi. Zikanakhala zophweka choncho bwenzi ine ndili kunyanja, osati m'ndowe."

"Ndiye n'zopanda ntchito?"

"Ife tinkadziwa chimene chinali m'botolo. Mnzanuyo akudziwa? Mwina ndi peputaidi, mwina ndi madzi a mchere, mwina ndi chinthu chimene chinasakanizidwa m'bafa la munthu. Ndipo ng'ombe za pachionetsero zimakathera m'mbale za anthu, mwina anthu omwe akumwa khofi munowa." Anapukuta zala pakapepala, ndipo nthabwala zinachoka m'mawu ake. "Koma kamuuzeni mnzanuyo chinthu chimodzi. Zikadziwika, amene amachotsedwa m'bwalo si bambo. Ndi amene wagwira chingwe. Dzina limene amalitchula pachimkuzamawu, anthu onse akumva, ndi la mwana. Anthu a kuno saiwala. Adzakhala ndi imvi akumutchabe mtsikana uja anabaya ng'ombe."

Potuluka, dokotalayo anakulunga kolache imodzi m'kapepala n'kumupatsa Marlys.

"Iyi mukamupatse Corrie. Ndamuona lero sanaimbe."

M'galimoto Marlys ankakonza mawu mumtima. Anadikira mpaka Corrie atapita kukasintha zovala, ndipo m'khitchini anamuuza mwamuna wake zonse, mwadongosolo, osasiya ndi chimodzi chomwe. Duane anamvetsera atapinda manja. Kenako nkhope yake inawala.

"Mwati ikangodya kumene?"

"Ndati dzina la mwana, bambo a Corrie."

"Ayi, poyamba paja. Ikakhuta siyankha bwino? Ndiye chifukwa chake! Ine nthawi yonseyi ndakhala ndikubaya ng'ombe yokhuta!" Anamenya thebulo mpaka masipuni anadumpha. "Rusty sanandiuze zimenezo. Mwachita bwino kufunsa, mayi. Mwaona ubwino wa sukulu?"

"Ulaliki wonse uja, inu mwatolamo vesi imeneyo?"

"Enawo ndi mantha chabe. Madokotala amalipidwa kuti aziopa. Angadziwe ndani? Ubweya uja ungabise ngakhale njinga."

"Mulungu amaona pansi pa ubweya."

"Mulungu sali m'komiti ya chionetsero."

"Ayi, sali. Anamukana chifukwa alibe ng'ombe ya ubweya."

Kuyambira tsiku limenelo Tater anasiya kudya m'mawa. Ankaima m'chipinda chake chozizira, chamdima kuti ubweya uziyesa kuti ndi nyengo ya chisanu, akulira ndi njala mpaka dzuwa litakwera. Akalira mokwanira, Corrie ankalowa ndi chingwe, singano n'kutsatira, chakudya pambuyo. Kulirako kunkafika m'khitchini. Marlys ankatsuka mbale akupemphera, ndipo pemphero lake linali limodzimodzi: Ambuye, mufewetseni mtima. Ankadziwa kuti mwamuna wake si chilombo. Ndi yemweyo amene anamugulira kafani kakang'ono n'kukaika mbali yake ya bedi, osanena kanthu. Ndi yemweyo amene ankathirira tomato wake m'mamawa kuti msana wa Marlys upume. Koma mtima uja sunafewe, ndipo timabotolo tinkatha n'kubwera tina.

Tsiku loti mawa lake akweze ng'ombe pangolo yokokedwa ndi galimoto kupita kuchionetsero, Duane anapita kutauni kukagula guluu wa ubweya ndi utoto wakuda wa ziboda. Dzuwa linali litatentha kale. Marlys anatenga kapu ya tiyi wozizira n'kupita kukhola, chifukwa Corrie sanabwere kudzadya.

Anamupeza ataima pakati pa chipinda chozizira chija, chipeso chili m'manja. Tater anali pakona, mutu atalozetsa kukhoma.

"Taonani, amayi."

Corrie anatambasula dzanja n'kuliza kakhweru kamene ankamuitanira kuyambira ali thole. Khutu la Tater linagwedera. Kenako anadzikanikiza kukhoma, thupi lonse likunjenjemera.

"Kale ankanditsatira mpaka pabasi ya sukulu. Pano akamva mawu anga amadziwa kuti singano ikubwera. Ndine nyambo, amayi. Ndimamuuza kuti usaope, usaope, kenako adadi amabaya."

Marlys anaika kapu pashelefu. Corrie anayandikira pang'onopang'ono, n'kumanga chingwe, n'kugwira dzanja la mayi ake. Analilowetsa mu ubweya wa pakhosi, wofewa, wakuya mpaka m'mkono. Pansi pake zala za Marlys zinakumana ndi chotupa cholimba, chotentha. Pafupi nacho panali china. Kenako china. Chimodzi chinali chofewa, ndipo atachikhudza Tater anabuula.

"Adadi akudziwa?"

"Akuti ndi zazing'ono. Sanazikhudzepo, amangobaya pena. Akuti mawa ndipese ubweya chokweza, ndithire guluu, ndipo woweruza akafika ndiime mbali imeneyi kuti dzanja lake lipite kumsana. Tayeserera kale." Anasiya dzanja la mayi ake. "Ndikakana, adadi andiona ngati ndawapereka. Ndikalowa, ndinama pamaso pa anthu onse. Ndichite chiyani?"

Marlys anatseka maso kuti apemphere pemphero lake lija, koma silinabwere. Chimene chinabwera chinali chithunzi cha manja ake omwe, akutseka firiji m'mawa uja. Masabata onsewa anakhala akupempha Mulungu kuti aone, pamene iye mwini anali ataona kale. Anatsegula maso. Pakhoma panapachikidwa makina ometera ng'ombe, amene ankasalazira nawo nsonga za ubweya basi.

"Iwe suchita chilichonse," anatero. "Ungogwira chingwe. Koma lero usamuuze kuti asaope. Umuuze zoona, kuti zipweteka pang'ono."

Marlys ndiye ankameta anthu onse a m'nyumba mwake, pampando wa m'khitchini. Anachotsa kachipeso kotetezera n'kuyatsa makinawo. Ubweya umene unamera ndi magetsi a chilimwe chonse unayamba kugwa pansi ngati mwaye. Anameta khosi lonse, mbali zonse ziwiri, kuyambira kukhutu mpaka paphewa, akuzungulira zotupa mosamala. Atamaliza, khungu linali poyera, ndipo zotupa zinali pamzere, zina zofiira, china chikuchucha mafinya.

Kunja galimoto inalira n'kuzima. Duane analowa akuimba mluzu, kathumba ka guluu kali m'manja. Mluzu unathera pakati.

"Mwatani?"

"Ndameta kasitomala wanga," anatero Marlys. "Anabwera yekha, anati kukutentha."

"Mwapenga kodi? Mayi inu, mwapenga? Ubweya wa chaka chonse! Chionetsero ndi mawa! Mwawonongeratu mwanayu, mukudziwa? Walera ng'ombe imeneyi m'chisanu, m'matope, ndiye inu tsiku limodzi lokha..."

"Ine tsiku limodzi, inu masiku angati?"

"Zonsezi ndimachitira iyeyu!"

"Zoona. Ndi iyeyu amene sagona akaganiza za a Brandt. Ndi iyeyu amene anakhomera kale msomali pabalaza wopachikapo kansalu kapepo. Mwana wachifundo, amangofuna bambo ake amuthandize."

"Musandiseke m'khola langa!"

"Ndikusekereni kuti? Kuchipinda kukutentha."

Duane anaponya kathumba pansi n'kutembenukira kwa mwana wake.

"Iwe, tamvera. Tikhoza kukonzabe. Timeta thupi lonse mofanana, tipaka utoto pakhosi, tinena kuti ndi ntchentche zinamuluma. Ukalowa naye basi."

Corrie anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwake, chachikopa, chimene bambo ake omwewo anachipaka mafuta ndi manja awo kuti chisamamutupitse zala. Kenako anatambasula dzanja n'kuwapatsa.

"Kaloweni naye inuyo, adadi."

"Iwe ukudziwa kuti akuluakulu saloledwa m'bwalo."

"Ndikudziwa. Ndiye chifukwa chake mumafuna ine."

M'kholamo munangomveka makina oziziritsa mpweya.

"A Brandt apambana," anatero Duane, mawu atachepa.

"Mwina," anatero Corrie. "Mwana wawo anandiuza kusukulu, akulira. A Rusty anawagulitsa timabotolo tomweti. Anawauza kuti n'chifukwa choti a Havlik ali ndi ng'ombe yoopsa chaka chino."

"Ndiye mwakhala mukupikisana ndi botolo lanu lomwe," anatero Marlys. "Munthu wachilungamo Rusty ameneyu. Sakondera."

Palibe amene anaseka. Marlys mwini anamva kuti mawuwo anali owonjeza, ndipo anapepesa mumtima, kwa Mulungu kaye. Anayenda n'kukagwira dzanja la mwamuna wake, monga mwana anagwirira lake, n'kulitengera pakhosi la ng'ombe. Duane anafuna kulibweza koma Marlys sanalisiye. Analiika pachotupa chofewa chija.

Tater anabuula n'kugwada ndi mwendo umodzi.

Duane anakulira m'makola. Ankadziwa kutentha kwa chilonda chimene chalowa mkati, ndipo sankafunika dokotala kuti amuuze. Dzanja lake linayenda pamzere wonsewo, chotupa ndi chotupa, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga dzina lake pamwala wa pamanda. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

"Sindinkaziona," anatero.

"Ubweya unali wabwino," anatero Marlys, ndipo ulendo uno mawu ake analibe mbola.

Duane anatulutsa foni m'thumba la malaya, n'kuiyang'ana, n'kumupatsa mkazi wake.

"Aimbireni adokotala anu aja."

"Ayi. Aimbireni ndinu. Ndipo mukatenge timabotolo tija mukawaonetse, adziwe chimene akuchiza."

Anatuluka kukaimbira panja, pomwe mkazi ndi mwana sakanamumva. Pobwerera anali ndi ndowa ya chakudya cha ng'ombe. Sanakaithire yekha modyeramo. Anaipereka kwa Corrie, osamuyang'ana kumaso, n'kutenga tsache, n'kuyamba kusesa ubweya umene unali mbwee pansi.

Corrie anamasula chingwe. Anagwira ndowa n'kuliza kakhweru kake. Tater anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana manja a mtsikanayo, n'kuyang'ana kumbuyo kwake kumene singano inkachokera. Sanasunthe. Corrie anaika ndowa pansi n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Apo m'pamene ng'ombe inayandikira n'kuyamba kudya, diso limodzi lili pa iye.

"Adzabweranso kwa ine, amayi?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Uzingobwera ndi ndowa, manja ali poyera."

Mawa lake ngolo sinachoke pabwalo. Anthu ofunsa anauzidwa kuti ng'ombe ya a Havlik yadwala, ndipo kwa nthawi yoyamba chilimwe chonsecho, nkhani ya Tater inali yoona. Batala anabwerera pamalo pake m'firiji. Masana Duane anatenga sipanala n'kulunjika kukhola kuti akazule makina oziziritsa mpweya, awabwezere kuchipinda. Marlys anamuimitsa pakhonde.

"Adokotala ati zilonda zija zisaone kutentha ndi ntchentche. Asiyeni komweko."

"Nanga inu?"

"Ine ndili ndi kafani kanga," anatero Marlys, akumuthirira khofi m'kapu. "Asiyeni bwana agone bwino. Lero lokha ndiye akuyeneradi."